Chotsani kansalu pa risiva, kenako tikambe za fani

Usiku uno filimu ikafika pakati, nyamukani mukaike dzanja pamwamba pa risiva ya home theatre yanu, pomwe pali timabowo tija, ndipo muwerenge mpaka 10. Ngati mukungomva kufunda ngati kapu ya tiyi yomwe yakhalitsa patebulo, bwererani pampando. Koma ngati dzanja mwalichotsa musanafike pa 5, nkhani ya sabata ino ndi yanu.

Ndikati risiva ndikunena bokosi lolemera lija lomwe limalandira mawaya onse, a dikoda, a PlayStation, a TV, kenako n'kugawa mawu ku masipika asanu kapena asanu ndi awiri. Ambirife timangoti ampulifaya. Mayina ake mumawadziwa: Denon, Yamaha, Onkyo, Marantz, Pioneer, Sony. Ndi ochepa mwa ife amene anagula yatsopano ili m'katoni. Zambiri zimabwera ndi achibale ochokera ku Joni kapena ku UK, zina timazipeza m'mashopu a katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, zitatumikira zaka zingapo m'nyumba za kumaiko ozizira. Lero zafikira m'chipinda cha malata chopanda siling'i, mwezi wa Okutobala. Ndipo chichokereni Novembala 2023, pomwe kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, risiva ikafa kugula ina si nkhani yamasewera. Ena ikangofa ndiye basi, masipika amasanduka poikapo maluwa.

Kutentha pakokha si matenda. Marisiva ambiri ali ndi ampulifaya ya mtundu wotchedwa Class AB, ndipo mtundu umenewu umataya magetsi mwachibadwa. Ngakhale pa masamu a papepala, zonse zitakhala bwino, magetsi omwe umatha kutumiza ku masipika sapitirira 78.5 peresenti ya omwe wakoka, ndipo apo n'kuti voliyumu ili kumapeto. Pa voliyumu yomwe timaonera filimu, gawo lopita ku masipika ndi laling'ono zedi. Mwina mudabwa, koma sipika wamba ikalandira wati imodzi yokha imasokosa mokwanira kuti munthu amene wakhala pafupi ayambe kukweza mawu polankhula. Ndiye magetsi ambiri omwe risiva ikukoka pakhoma sakusanduka nyimbo ayi, akusanduka kutentha, ndipo kutenthako kukufunika potulukira. Amene munakulira m'nthawi ya mababu akale a mawati 100 mukukumbuka mmene ankaotchera ukawagwira. Ganizirani babu lotero mutalitsekera m'kabati kwa maola anayi.

Pali gwero lina la kutentha lomwe anthu saliganizira. Mbali yomwe mumalowetsa mawaya a HDMI ili ndi machipu omwe amakonza zithunzi ndi mawu, ndipo machipuwa amatentha ngakhale voliyumu ili pansi penipeni. Kawirikawiri bolodi imeneyi imakhala chakumbuyo, pamwamba pa zina zonse, ndiye mpweya wotentha wochokera pansi umadutsa pomwepo. Ndi mbalinso yomwe ikafa okonza ambiri m'matauni athu amangopukusa mutu, chifukwa machipu ake amamatidwa ndi timipira ta soda tomwe tili kunsi, kosafikika ndi chitsulo chowotcherera wamba. Amene amatsata za zipangizozi akukumbuka marisiva ena a Onkyo opangidwa pakati pa 2009 ndi 2012, omwe ankangosiya kutulutsa mawu chifukwa cha chipu imodzi, mpaka kampaniyo inalengeza mu 2014 kuti iwakonza ulere ndi kuwonjezera nthawi ya waranti. Marisiva a zaka zimenezo ndi omwewa akuzungulira m'misika ya katundu wakaleyi. Mukakumana nayo pamtengo wokoma, iyeseni kaye kwa nthawi yaitali ikutulutsa mawu kudzera pa HDMI, osati kwa mphindi ziwiri pa wailesi ya FM.

Koma chomwe kutentha kumadya mwakachetechete ndi makapasita, timigolo ting'onoting'ono tomwe mumationa mukasuzumira m'timabowo. M'kati mwake muli timadzi ta mankhwala tomwe timauma pang'onopang'ono, ndipo kutentha kumafulumizitsa kuumako. Amisiri a zamagetsi ali ndi lamulo lomwe amayendera: kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umadulidwa pakati. Kapasita yomwe ikanakhala zaka 10 imakhala zaka 5, ndipo mukawonjezera madigiri ena 10 yatsala ndi zaka ziwiri ndi theka. N'chifukwa chake sindimakhutira munthu akandiuza kuti "yanga imatentha koma siinazimepo". Kuzima yokha ndi njira yomaliza yodzitetezera. Isanafike pamenepo imakhala ikukalamba msanga, ndipo tsiku lina mumangomva kulira kwa "mmmm" m'masipika, kapena chithunzi kuthima n'kubwerera, kapena risiva kukana kuyaka m'mawa.

Lamulo lomweli lili ndi mbali yabwino. Mukatsitsa kutentha ndi madigiri 10 okha, mwawirikiza moyo wa timigolo tija. Apa ndi pamene fani imalowera. Komabe musathamangire kugula, chifukwa nyumba zambiri zomwe ndalowamo vuto lake silinali kusowa fani.

Risiva inapangidwa kuti izidziziziritsa yokha. Mpweya wozizira umalowa kunsi, n'chifukwa chake ili ndi timiyendo, umadutsa pa zitsulo za aluminiyamu zomwe zimakoka kutentha kwa matransista, kenako umatulukira pamwamba chifukwa mpweya wotentha umakwera. Kuti izi zitheke pamafunika malo. Mabuku a Denon amalangiza kusiya mpata wosachepera masentimita 30, ndipo a Yamaha ambiri amati masentimita 30 pamwamba, 20 m'mbali ndi kumbuyo. Tengani rula ya mwana wa sukulu, ija ya masentimita 30, muiimike pamwamba pa risiva yanu. M'makabati ambiri a TV omwe akalipentala athu amapanga, rulayo singaime. Mpata wake ndi wa zala zitatu, kumbuyo kuli thabwa, kutsogolo chitseko chagalasi kuti ana asamagwiregwire. Kabatiyo ndi yokongola ndithu, koma kwa risiva ndi uvuni.

Ndiye pali kansalu. Koluka bwino, koyera, kokhala ndi mphonje, komwe amayi kapena azakhali anayala pamwamba kuti fumbi lisalowe, nthawi zina n'kuikapo chithunzi cha ukwati kapena kavazi ka maluwa apulasitiki. Ine sindinyoza kansaluko, chifukwa nkhawa ya fumbi ndi yoona ndipo ndibwereranso pa nkhani imeneyi. Koma kakutseka pomwe mpweya umatulukira. Mgwirizano womwe ndimauona ukuyenda bwino m'mabanja ndi wakuti kansalu kazibwerera pamalo pake risiva ikazimitsidwa ndipo yazizira, ndipo woyatsa aziyamba wakachotsa. Kukangana ndi amayi pa nkhani ya kukongoletsa balaza lawo simungapambane, ndiye kambiranani mwaulemu. Dikoda ndi PlayStation nazonso zichoke pamwambapo. Zimatseka mabowo, zimabweretsa kutentha kwakekwake, ndipo nazo zimapsa ndi mpweya wochokera pansi.

Tiwonjezepo nyengo yathu. Mabuku a marisiva a Denon amasonyeza kuti chipangizocho chizigwira ntchito pamalo otentha pakati pa madigiri 5 ndi 35. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa, mu Okutobala ndi Novembala, panja pokha pamapitirira madigiri 40. Ku Salima, Mangochi ndi Karonga nako sikuseka. Ngakhale ku Lilongwe, chipinda cha malata masana chimatentha kuposa panja. Ndiye risiva yomwe ku Manchester inkakhala mwamtendere pa shelefu yothina, kuno ikuyamba ntchito ili kale kumalire. Kwa anthu a m'madera amenewa, komanso anzathu omwe amaonetsa mpira wa Premier League kapena mafilimu m'timaholo kuyambira masana mpaka usiku, ndinganene kuti fani ndi yofunika ngakhale risiva ili poyera.

Chachikulu pa fani ndi komwe ikuponya mpweya. Iyenera kukoka mpweya wotentha kuchokera m'risiva n'kuutaya m'mwamba kapena kutali, kuthandiza ulendo womwe mpweyawo umayenda kale. Mukaitembenuza kuti iziuzira pansi, ikulimbana ndi mpweya womwe ukukwera, ndipo ikukankhira fumbi m'kati. Mafani ambiri a kompyuta ali ndi timivi m'mbali tosonyeza komwe mpweya ukupita. Ngati palibe, dziwani kuti mpweya umatulukira mbali yomwe ili ndi timitanda togwira injini, komwe kumakhala sitika. Mukakayika, ikani kachidutswa ka tishu pafupi muone komwe kakupita. Ndipo musangoika fani pakati chifukwa pakuoneka bwino. Yendetsani dzanja pamwamba pa risiva mupeze potentha kwambiri, muike pomwepo.

Pali mafani opangidwira ntchito imeneyi. Odziwika kwambiri ndi a kampani ya ku California yotchedwa AC Infinity, mtundu wa AIRCOM. Ndi bokosi lopyapyala, lotambalala pafupifupi masentimita 43 ngati risiva yomwe, lomwe mumangolisanjika pamwamba. T8 imatayira mpweya kumbuyo, T9 m'mwamba, T10 kutsogolo, ndipo kusiyana kumeneku n'kofunika. Ngati kabati yanu ndi yotseka kumbuyo koma yotsegula kutsogolo, T8 ingotayira moto pa thabwa, pamene T10 iutulutsa. Amtundu wa T ali ndi kagalasi kosonyeza madigiri ndipo amadziyatsa okha kutentha kukafika pomwe mwasankha. Ndi abwino, sindikana. Koma mukawerengera mtengo wa madola, kutumiza ndi msonkho, ndalama yake imatha kuyandikira yomwe munagulira risiva yakaleyo. Ngati pali wachibale akubwera ndipo m'chikwama muli malo, chabwino, ingoonetsetsani kuti adaputa yake yalembedwa 100-240V, chifukwa magetsi athu ndi a mavolti 230.

Kwa ambirife, ine ndimalangiza njira yotsika mtengo. Fani ya kompyuta ya mamilimita 120 kapena 140, imodzi kapena ziwiri, ikugwira ntchito yomweyo. Amisiri okonza makompyuta amakhala nazo zochotsa m'makina akufa. Zambiri ndi za mavolti 12, koma mukazipatsa mavolti 5 a USB zimazungulira pang'onopang'ono mopanda phokoso, ndipo mpweya wochepawo nthawi zambiri umakwanira. Zina zimakana kuyamba pa mavolti 5, ndiye muyese musanalipire. Ziliponso zopangidwira USB kale, zobwera ndi waya wake ndi kaswitchi kosinthira liwiro. Njira ina yomwe imandisangalatsa ndi kathebulo koziziritsira laputopu. Kamakoka mpweya kunsi n'kuuponya m'mwamba, ndiye mukakasanjika pa risiva monga mmene kamakhalira patebulo, kakukoka mpweya wotentha n'kuutaya komwe tikufuna.

Sankhani fani yaikulu yozungulira mofatsa, osati yaing'ono yothamanga. Ka mamilimita 80 kothamanga kamalira ngati udzudzu, ndipo pa filimu pakafika poti anthu akunong'onezana mudzakamva. Mukatopa nako mudzakazimitsa, ndipo nkhani yathera pomwepo. Ikani timphira kunsi kwa ngodya zinayi kuti fani isanjenjemeretse chitsulo cha risiva. Ngakhale tizidutswa ta chubu cha njinga tikugwira ntchito. Ngati mukugula yatsopano, yang'anani yolembedwa ball bearing kapena fluid dynamic bearing, chifukwa za sleeve bearing zimatha msanga zikamagwira ntchito zitagonekedwa chafufumimba, ndipo pa risiva fani imakhala chogona. Pamwamba pake pakhale kasefa ka waya ngati m'nyumba muli ana okonda kupisa zala.

Magetsi a fani mungawatenge pa chaja ya foni, koma ndiye muzikumbukira kuzimitsa. Ine ndimakonda potulukira USB pa TV, chifukwa pa ma TV ambiri magetsi a pamenepo amazima TV ikazima, ndiye fani imayaka ndi kuzima pamodzi ndi filimu popanda wina kuikumbukira. USB ya pa risiva nayo imatheka, koma mukamva kaphokoso kachilendo m'masipika fani ikayaka, isamutseni.

Ngati risiva ikuyenera kukhala m'kabati yotseka, fani yosanjika pamwamba siithandiza kwenikweni. Imangotakasa mpweya wotentha womwewo, ngati kupemerera m'chipinda chotseka mawindo. Kabatiyo iyenera kupuma. Itanani kalipentala aboole mabowo awiri kumbuyo, lina pansi lolowera mpweya, lina pamwamba pomwe mumangirire fani yotulutsa. Bowo lolowera lisakhale laling'ono kuposa lotulukira, apo ayi fani izingovutika ndi kulira. Kabati isagunde khoma, siyani mpata woti dzanja lilowe. Nthawi zina njira yachidule ndi kungochotsa thabwa lonse lakumbuyo kwa shelefu imeneyo. Palibe mlendo amene adzasuzumire kumbuyo.

Tsopano fumbi, pomwe amayi aja ali ndi mfundo. Fani ikamakoka mpweya wambiri imakokanso fumbi lambiri, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ndipo fumbi likaunjikana pa zitsulo zoziziritsa limakhala ngati bulangete. Kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu, zulani pulagi pakhoma, tulutsani risiva panja, muipemerere ndi bulawa kudzera m'timabowo, kapena muipukute ndi burashi yofewa youma. Musaitsegule ngati si ntchito yanu, chifukwa makapasita akuluakulu amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Mphemvu nazo zimakonda malo ofunda ndi amdima, ndipo ndowe zake zimawononga mabolodi. Mukaona imodzi ikutuluka m'risiva, dziwani kuti ili ndi abale ake m'katimo. Nsalu yonyowa, botolo la madzi oundana pamwamba, zimenezo ayi ndithu. Dontho limodzi likalowa lawononga zomwe kutentha kukanatenga zaka kuti kuwononge.

Achinyamata ena amandionetsa mapulogalamu a pafoni oti amayeza kutentha. Ambiri mwa iwo amangowerenga kutentha kwa batire la foniyo, ndiye sakuuzani kanthu za risiva. Timfuti toyezera kutentha tija tinadzaza m'nthawi ya COVID-19 tingathandize ngati tili ndi batani losinthira kuyeza zinthu m'malo mwa thupi la munthu. Yezani pamalo amodzimodzi musanaike fani ndi mutaika, pakatha ola limodzi la filimu, kuti mudziwe ngati fani ikuchitadi kanthu.

Palinso kutentha komwe mungakuchepetse ndi rimoti yokha. Ngati muli ndi sabuwufa yokhala ndi magetsi akeake, lowani m'makonzedwe a masipika, muwaike onse pa Small, ndipo crossover ikhale pa 80 Hz. Mawu a besi ndi amene amadya mphamvu zambiri, ndiye mukawatumiza ku sabuwufa risiva imapepukidwa. Anthu amakana chifukwa masipika awo ndi aatali ngati mwana wa sitandade 3, ndiye kuwatcha Small kumawapweteka mtima, koma dzinalo silikunena za msinkhu. Marisiva a Denon ndi Marantz a zaka zaposachedwa, komanso a Yamaha ambiri, ali ndi ECO, yomwe imatsitsa magetsi opita ku ampulifaya ndipo kutentha kumatsika moonekeratu. Pa Denon ndi Marantz ikani pa Auto, kuti mukakweza voliyumu mphamvu zibwerere. Za voliyumuyo, kuti makutu amve ngati phokoso lawirikiza kawiri pamafunika mphamvu zowirikiza pafupifupi ka 10. Ndiye kakukweza komaliza kaja, kofuna kuti aneba adziwe kuti timu yagoletsa, ndi komwe kumawotcha kwambiri.

Chizolowezi chomwe chapha marisiva ambiri ndi kulumikiza masipika awiri pa malo a sipika imodzi. Masipika awiri a ma ohm 8 mukawaphatikiza chotero amasanduka ma ohm 4, awiri a ma ohm 6 amasanduka 3, ndipo ampulifaya imakakamizika kutulutsa magetsi ochuluka kuposa omwe inapangidwira. Masipika a m'galimoto, omwe ena amawaika m'mabokosi a matabwa, ambiri ndi a ma ohm 4 kale. Werengani zomwe zalembedwa kumbuyo kwa risiva pafupi ndi polumikizira, mutsatire zimenezo. Apa fani siingakupulumutseni. Chimodzimodzi risiva ya ku America ya mavolti 120 kapena ya ku Japan ya mavolti 100: imafuna thiransifoma yotsitsa magetsi yamphamvu zokwanira, ndipo ya ku America, yopangidwira 60 Hz, imatha kufunda kwambiri pa magetsi athu a 50 Hz. Magetsi akazima n'kuyatsa inveta yotchipa, ija yosalembedwa pure sine wave, thiransifoma ya m'risiva imalira ndi kutentha. Usiku woterowo ndi bwino kungomvera masipika a TV.

Risiva ikazima yokha, onani nthawi yomwe yatenga. Ikazima patatha ola kapena awiri, ili yotentha, n'kuyakanso bwinobwino ikazizira, ndiye nkhani ndi ya mpweya. Koma ikazima mutangoyatsa, kapena besi ikangogunda ili yozizira, yang'anani mawaya a masipika. Kaulusi kamodzi ka kopa kokhudza waya winayo kapena chitsulo chakumbuyo n'kokwanira. Pa Denon zambiri kanyali kofiira kamakuuzani: kakamaphethira mofatsa, pafupifupi masekondi awiri aliwonse, ndi kutentha, kakamaphethira mothamanga yambani ndi mawaya. Ngati mbali imodzi ikutentha kwambiri popanda nyimbo iliyonse, kapena mukumva fungo la pulasitiki yopsa, zulani pulagi, musayesenso kuyatsa, ndipo mupite nayo kwa mmisiri yemwe anakonzapo ma ampulifaya. Mumuuze nthawi yomwe imatenga isanazime, masipika omwe mwalumikiza ndi ma ohm ake, komanso ngati imagwira ntchito pa inveta kapena jenereta.